Mng'alu wa pa Kobiri: Zimene Ndalama Zolakwika Podinda Zimatiphunzitsa

Nkhani imene inakambidwa pamaso pa mafumu, aphunzitsi, makolo ndi ana asukulu ku Chisepo, m'boma la Dowa

 

Lero tikamba za ndalama zachitsulo, makamaka zija zimene zinatuluka kufakitale zili ndi chilema: ina yong'aluka mzere pankhope, ina yodindidwa chopendekera, ina ya zilembo zobwerezabwereza. Padziko pano pali anthu amene amatolera ndalama zoterezi, kuzisunga mosamala, kuzilemba m'mabuku ndi kuphunzirapo. Chimene ndabwerera n'kudzakuonetsani kuti ntchitoyi si ya azungu okha kapena ya anthu achuma ayi. Ingachitike konkuno, ndipo ikachedwa kuyambika sidzachitikanso, chifukwa zitsulozi zikutha pakati pathu.

Taganizani mmene zinthu zayendera. Mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinkayamba, munthu ankalowa m'golosale ndi 10 tambala n'kutulukamo atanyamula kanthu. Lero mukapereka K10 yachitsulo pamsika, mayi wogulitsa tomato amangokuyang'anani. Mu 2022 banki yaikulu inatulutsa K5,000 yapepala, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama zachitsulo zatsala m'mbuyo. Zili m'zitini zakale, pansi pa masutikesi, m'mphako za zipupa, zina zinakwiririka pabwalo pomwe makolo ankasupa nazo gule. Ana amaseweretsa, ena amazibowola n'kukhomera malata, ena amazisula mphete. Chinthu chikaleka kugula kanthu, sipapita nthawi yaitali chisanasowe.

Koma m'zitinimo muli mbiri ya dziko lino. Agogo amene muli pano mukukumbukira kobiri la bowo pakati, la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndalama za Chitaganya zinayamba kutuluka mu 1955. Pa kobiri panali njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowo, pa theka la kobiri panali akadyansonga, pa tiki panali duwa, pa sheleni mphalapala, ndipo pa ya masheleni awiri panali nkhwazi itagwira nsomba. Mu 1964, titalandira ufulu wodzilamulira, panabwera zathuzathu za nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda: sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu ndi mwana wake, ndi ya masheleni awiri ndi theka ya chizindikiro cha boma. Pofika 1971 paundi imodzi inasanduka K2, sheleni inasanduka 10 tambala, chimanga chija n'kukhalabe pomwepo, njovu zija n'kusamukira pa 20 tambala. Mu 1995 panabwera za nkhope ya Dr. Bakili Muluzi, ndipo pa 1 tambala, tambala amene anajambulidwapo kale anachoka, m'malo mwake munalowa nsomba ziwiri. Kenaka K5 ndi K10 za zitsulo ziwiri, cha pakati ndi cha m'mbali, zolembedwa chaka cha 2006, ndipo mu 2012 tinalandira zing'onozing'ono zimene tili nazo lerozi. Onjezerani pamenepo zimene abambo athu ankabwera nazo kuchokera ku Wenela, ku migodi ya ku Joni, ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku Zambia. Mudzi umodzi wa kuno kwathu ungathe kuyala pamphasa ndalama za maiko anayi kapena asanu.

Kuti timvetse chilema, tiyambe tamvetsa mmene ndalama yabwinobwino imapangidwira. Dziko lathu lilibe fakitale yodindira ndalama. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965, imachita kuitanitsa kunja. Zija za 1964 zinadindidwa ku Royal Mint, fakitale ya boma la Britain, imene nthawi imeneyo inali ku Tower Hill mumzinda wa London, isanayambe kusamukira ku Llantrisant, ku Wales, mu 1968. Nkhope ya Kamuzu imene ili pa ndalamazo inagobedwa ndi mmisiri Paul Vincze, wobadwira ku Hungary.

Kufakitaleko amasungunula zitsulo n'kuzisakaniza, monga kopa ndi nikelo, kenaka amazipsinja mpaka zikhale lamba wamtali wopyapyala. Makina amadula pa lambayo tizidutswa tozungulira topanda cholembedwa chilichonse. Tizidutswato amatifewetsa pamoto, kutitsuka, ndi kutukula pang'ono m'mphepete mwake. Zikatero kachidutswa kalikonse kamagwera pakati pa zidindo ziwiri za chitsulo cholimba zedi, china pansi china pamwamba, ndipo kuzungulira m'mbali muli mkombero wogwira kuti chitsulo chisathawire kunja. Chidindo chimamenya ndi mphamvu ya matani makumimakumi. Chitsulo chija, ngakhale n'chozizira, chimayenderera n'kudzaza timaenje tonse togobedwa pa chidindo. Makina a masiku ano amamenya kambirimbiri, ndalama mazanamazana pa mphindi imodzi.

Apa pali lamulo limodzi limene ndikufuna aliyense apite nalo kunyumba: chimene chili chokumbika pa chidindo chimatuluka chotukuka pa ndalama. Nkhope ya Kamuzu ndi yotukuka chifukwa pa chidindo inali dzenje. Zilembo ndi zotukuka chifukwa pa chidindo zinali ngalande. Mukagwiritsa lamulo limeneli, mwagwira theka la nkhani yonse.

Tsono chidindo nachonso chimatopa. Chimamenya maulendo zikwi mazana angapo, chimatentha, chimagwedezeka, ndipo tsiku lina chimachita kamng'alu. Kawirikawiri kamng'aluko kamayambira m'mphepete kapena pa ngodya ya chilembo, pamene chitsulo chili chofooka. Inu oumba njerwa mukuzidziwa bwino zimenezi. Thabwa la pansi pa chikombole likang'aluka, dothi limalowa mumng'alumo, ndipo njerwa iliyonse yotuluka m'chikombolecho imakhala ndi kamzere kotukuka pamalo amodzimodzi. Mng'alu ukamakula, kamzere nako kamakula. Munthu watcheru angathe kuyenda pamene mwayanika njerwa n'kumaloza kuti izi zinaumbidwa m'mawa, izi masana, izi chikombole chitatsala pang'ono kuthyoka. Ndi mmenenso zimakhalira ndi ndalama.

Tengani 10 tambala ya 1971 muiike pachikhatho, muime pakhomo pamene kuwala kukulowa chammbali. Ipendeketseni pang'onopang'ono. Muona chimanga chomangidwa pamodzi, njere zake zitaima m'mizere, makoko atatambasuka, manambala a chaka, ndi malo osalala ozungulira zonsezi. Yang'anitsitsani pamalo osalalapo. Mukaona kamzere kopyapyala kokhotakhota, kochokera m'mphepete n'kulowera pa chilembo kapena pa khoko la chimanga, yendetsanipo chikhadabo mofatsa. Chikhadabo chikagwera m'kati, ameneyo ndi mkwasa chabe, wina anaikanda ndi msomali kapena inakhulika pamwala. Koma chikhadabo chikakwera pamwamba pa kamzereko n'kutsikira mbali inayo, ndipo mtundu wake ndi umodzimodzi ndi chitsulo chonse, mwapeza mng'alu wa chidindo. Mzere umenewo sunachitike m'thumba mwa munthu. Unabadwa nayo ndalamayo, pa kamphindi kamene makina anamenya, kutsidya la nyanja, zaka zoposa 50 zapitazo.

Pamenepa ndi pamene pali kukoma kwa ntchitoyi. Mkwasa uli ndi ndalama imodzi yokha, koma mng'alu uli ndi abale ake. Ndalama zonse zimene chidindo chimenecho chinamenya kuyambira pamene chinang'aluka zili ndi mzere womwewo, pamalo omwewo. Ndiye mwana wa kuno ku Chisepo atapeza 10 tambala ya mzere wochokera m'mphepete kufika pa nambala 7, wina wa ku Mponela n'kupeza ya mzere womwewo koma utapitirira mpaka pa chimanga, wina wa ku Ntchisi n'kupeza yoti mzerewo wachita nthambi, atatuwo akaziika pamodzi adziwa zinthu ziwiri mosakayika: kuti zonse zinachokera pa chidindo chimodzi, ndiponso kuti yoyamba kudindidwa ndi iti, yotsiriza ndi iti. Palibe amene anawauza. Awerenga okha pachitsulo.

Mng'alu ukasiyidwa, umakula mpaka kachibenthu ka chidindo kamathothoka, makamaka m'mphepete. Pamenepo pamatsala dzenje, ndipo ndalama iliyonse yotsatira imatuluka ndi chotupa cha chitsulo chopanda chithunzi, chitameza chilembo chimodzi kapena ziwiri. Mukaitembenuza, kuseri kwa chotupacho chithunzi chimaoneka chofooka, chifukwa chitsulo chinathamangira kukadzaza dzenje lija. Zotere sizikhala zambiri, popeza woyang'anira makina akangoona amaimitsa ntchito n'kusintha chidindo.

Ku America anthu anaifikitsa patali ntchito imeneyi. Amuna awiri, Leroy Van Allen ndi A. George Mallis, anatha zaka zambiri akuyerekeza madola asiliva akale a dziko lawo, mpaka analemba buku losiyanitsa chidindo ndi chidindo potsata ming'alu ndi zizindikiro zina zing'onozing'ono. Imodzi mwa ndalama zotchuka m'ndandanda wawo ndi dola ya 1888 yodindidwa ku New Orleans, imene mng'alu unachoka m'mphepete n'kudutsa pankhope ya mayi wojambulidwapo, mpaka anthu anaipatsa dzina loti Scarface. Otolera amaifunafuna pa msinkhu uliwonse wa mng'aluwo, kuyambira uli waung'ono mpaka utadutsa tsaya lonse. Anthu amenewa analibe mphamvu zachilendo. Anali ndi galasi lokulitsa zinthu, kudekha, ndi chizolowezi cholemba chilichonse chimene aona. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mng'alu si chilema chokhacho. Nthawi zina kachidutswa sikagwera pamalo pake, zidindo ziwiri n'kumenyana zokhazokha. Zikatero chilichonse chimasiya chithunzi chake pa chinzake, ndipo ndalama zotsatira zimatuluka ndi chithunzithunzi chosaoneka bwino cha mbali inayo: mwina m'mbali mwa njovu mukuoneka mzere wa chibwano cha munthu. Nthawi zina kachidutswa kamagwera chammbali, chithunzi n'kudindika theka, mbali ina n'kutsala yosalala. Nthawi zina makina odula aja amaluma pamene analuma kale, ndalama n'kutuluka yobenthuka mokhota m'mphepete. Palinso pamene cholakwa chimachitika popanga chidindo chenichenicho: chithunzi chimasindikizidwa kawiri mosalingana, ndipo zilembo zonse zimaoneka ziwiriziwiri. Yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi 1 senti ya ku America ya 1955, yodindidwa ku Philadelphia, imene chaka ndi mawu ake zimaoneka zobwereza ngakhale popanda galasi. Zinalowa m'manja mwa anthu zokwana 20,000 kapena kupitirirapo pang'ono.

Cholakwa china chimachitika wantchito akaphatikiza zidindo zosayenera kukhala pamodzi. Royal Mint inkadindira maiko ambiri nthawi imodzi. Mu 1967, chaka chomwe kobiri la Malawi linatuluka, dziko la New Zealand linalandira ndalama zake zatsopano, koma zina za 2 senti zinapezeka kuti mbali ya nkhope ya Mfumukazi yalembedwa dzina la zilumba za Bahamas. Wina anatenga chidindo cha dziko lina n'kuchimangirira pa makina a dziko lina. Mu 2008 fakitale yomweyo inalakwitsanso kwawo komwe. Posintha maonekedwe a ndalama za Britain, chaka chinasamutsidwa kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo. Pa 20 pensi zina anaphatikiza chidindo chakale cha kutsogolo ndi chatsopano cha kumbuyo, ndalama n'kutuluka zopanda chaka mbali zonse ziwiri. Eni fakitale anati zinali zosapitirira 250,000.

Koma imene ndikudziwa kuti ikufikani pamtima inu eni ngolo ndi ya ku South Africa. Mu 1892 boma la Transvaal, pansi pa Paul Kruger, linaitanitsa ndalama zake kuchokera ku Berlin. Pa chizindikiro cha dzikolo panali ngolo ya ng'ombe. Mmisiri wa ku Germany anajambula ngolo ya mitengo iwiri yokokera, monga zimakhalira ngolo za akavalo kwawoko, mateyala akutsogolo ndi akumbuyo n'kuwalinganiza kukula. Alimi a ku Transvaal atangoona anadziwiratu kuti wojambulayu sanamangepo ng'ombe pagoli, pakuti ngolo yawo inali ya mtengo umodzi pakati, ng'ombe uku ndi uku, ngati zathu zino zopita ndi fodya ndi chimanga kumsika. Chisankho chinali pafupi, otsutsa anapezerapo pomunyozera Kruger, ndipo boma linathamanga kukonza zidindo ndi kubweza ndalamazo momwe likanathera. Amene anagwira cholakwacho sanali akatswiri a ndalama. Anali alimi odziwa ngolo. Chimene munthu amachidziwa bwino pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku chimamupatsa maso amene mlendo alibe.

Tisiyanitsenso chilema ndi kusintha kochita kufuna. Mukayala ndalama za nkhope ya Kamuzu, muona kuti pa zoyambirira dzina la dziko linalembedwa ndi W wamba, pamene pa zina za m'zaka zotsatira pamwamba pa W pali kadenga. Kumeneko si kulakwitsa, anachita kulamula kuti zitero. Chimodzimodzinso nkhani ya maginito. Ndalama zoyamba zinali za kopa wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo maginito sazigwira. Mitengo ya zitsulo itakwera, anayamba kupanga za chitsulo wamba chokutidwa pamwamba ndi kopa kapena nikelo, ndipo zimenezo maginito amazikoka. Mulibe mankhwala kapena matsenga mmenemo. Ndi chuma cha dziko chimene chikuoneka pa kachitsulo: ndalama zinayamba kupangidwa ndi zipangizo zotsika mtengo chifukwa mphamvu yake inali kutsika.

Tsopano ndifike pa chenjezo, pakuti apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mwa ndalama zooneka zachilendo zimene mudzapeze, zochuluka kwambiri sizinalakwike kufakitale, zinangovulala m'manja mwa anthu. Ina inapondedwa ndi teyala la ngolo pamsewu wa miyala. Ina inagwera pamoto n'kuchita matuza. Ina inakhala m'dothi nyengo zingapo za mvula n'kudyeka. Ina mwana anaimenya ndi hamala ataisanjikiza pa inzake, zilembo n'kudindika chagada ndiponso zolowa m'kati. K5 ndi K10 za zitsulo ziwiri zija anthu amatha kuzigogoda pakati mpaka mtima wake utasuntha kapena kutuluka. Choncho musanasangalale, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: kodi chachilendochi n'chotukuka kapena n'chokumbika? Lachiwiri: kodi makina amene ndafotokoza aja angathe kuchita chimenechi pomenya kamodzi? Lachitatu: kodi ndikaiyerekeza ndi inzake ya chaka chomwecho, kukula ndi kulemera kwake zikufanana? Mukakayika, isungeni padera ndipo mufunse anzanu. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri: kodi zimenezi zimagulidwa ndalama zingati? Ndikuyankhani mosabisa. Kamng'alu wamba sikawonjezera mtengo kwenikweni, chifukwa ming'alu imachitika m'fakitale iliyonse ndipo ndalama zake zimakhala zikwizikwi. Zimene zimakwera mtengo ndi zija zosowa, zooneka bwino ndi maso, zosaperepeseka, komanso zimene anthu ambiri akuzifuna. Senti ya 1955 ija imagulidwa madola opitirira 1,000 chifukwa ku America kuli chikhamu cha otolera amene akuilimbirana. Ya 20 pensi yopanda chaka imagulidwa mapaundi makumi angapo basi. Ndalama zathu zilibe msika waukulu chotero. Amene angakuuzeni kuti kobiri la bowo ligula galimoto akukunamizani.

Ndipo onamawo alipo. Mumamva mphekesera m'mabasi ndi m'misika, mumaona mauthenga pa Facebook ndi pa WhatsApp, akuti pali bwana wina akugula makobiri akale pa mamiliyoni. Mukawaimbira amati tumizani kaye ndalama ya kalembera, kapena ya woyesa, kapena ya thiransipoti. Mukatumiza, foni yazima. Ena amabwera okha pakhomo, n'kutenga chitini chonse cha agogo posinthana ndi kasopo. Gwirani mawu awa: wogula weniweni sayamba wakulipiritsani. Ndipo inu anyamata, musayese kupanga chilema ndi tchizulo kuti mupusitse anthu. Lamulo sililola kuwononga ndalama ya boma, ndiponso wodziwa amazindikira msanga chimene chachitidwa ndi dzanja.

Ngati chuma sichili pamenepo, phindu lake n'chiyani? Ndikuona zinthu zitatu. Choyamba, mwana amene waphunzira kusiyanitsa mng'alu ndi mkwasa waphunzira kuyang'anitsitsa, kuyerekeza, ndi kusavomereza chinthu popanda umboni. Mwana ameneyo mawa adzazindikira msanga tsamba la fodya limene layamba matenda, mbewu yachinyengo, sikelo yobera, ngakhale siginecha yonamizira. Chachiwiri, aphunzitsi mupeza chipangizo chophunzitsira chimene simugula. Masamu alimo: makobiri 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 ankapanga paundi, ndiye 5 tambala inali makobiri angati? Sayansi ilimo: n'chifukwa chiyani ina ikugwira dzimbiri pamene ina ikungoda? Mbiri ilimo, kuyambira Chitaganya, ufulu wa 1964, chipani chimodzi, mpaka zipani zambiri mu 1994. Chachitatu, ndipo chachikulu, ndalamazi zimatsegula pakamwa pa akuluakulu. Perekani tiki m'dzanja la agogo, mumva za msonkho, za mtengo wa nsalu, za ulendo wa pansi wopita ku Salisbury, za chimene anagula ndi malipiro awo oyamba. Nkhani zimenezo sizili m'buku lililonse, ndipo eni ake akutisiya mmodzimmodzi.

Nanga tiyambe bwanji? Choyamba, musazitsuke. Izi ndikuzinena mobwereza chifukwa dzanja limayabwa munthu akaona ndalama yakuda. Musaikweche ndi phulusa, mchenga, mandimu kapena sitiliwulu. Kukwecha kumafafaniza timizere tomwe tikufunato, ndipo ndalama yokwechedwa otolera saifuna. Ngati ili ndi matope, iviikeni m'madzi oyera, muipukute modinda ndi kansalu kofewa, iume bwino. Poigwira, gwirani m'mbali, osati pankhope, chifukwa thukuta la zala limasiya banga.

Chachiwiri, zisanjeni. Za mtundu umodzi pamodzi, kenaka za chaka chimodzi pamodzi. Chilema chimaoneka msanga pamene ndalama khumi zofanana zagona mzere umodzi. Galasi lokulitsa zinthu la mu phunziro la sayansi likwanira, ndipo kamera ya foni nayo imakulitsa bwino mukaigwira mosagwedeza pafupi ndi zenera.

Chachitatu, lembani. Ndalama iliyonse yachilendo ikhale ndi kaenvelopu kake ka pepala ndi nambala yake. M'kaundula mulembe nambalayo, dziko, mtundu wa ndalama, chaka, mudzi umene yapezeka, ndi mwini wake. Pofotokoza malo a chilema, yerekezani kuti ndalamayo ndi wotchi: mng'alu wayambira pa 2 koloko, wadutsa chilembo chakuti, wathera pakuti. Jambulani ndi pensulo mmene mzere wayendera. Pewani kusunga m'mapepala apulasitiki ofewa kapena pamalo a chinyontho, chifukwa zitsulo zimachita ndere zobiriwira.

Chachinayi, gawanani zimene mwapeza. Sukulu ya kuno ilembere sukulu ya ku Nambuma, ya ku Madisi, ya ku Dowa paboma. Yerekezani zojambula zanu. Tsiku limene sukulu ziwiri zidzapeze mng'alu umodzimodzi pa ndalama ziwiri zosiyana, mudzakhala mutatulukira chinthu chenicheni, chimene mungachitsimikize pamaso pa aliyense. Mukadzapeza chachikulu, m'dziko muno muli malo osungira zakale monga nyumba ya Chichiri Museum ku Blantyre ndi bungwe la Society of Malawi ku Mandala, kumene anthu ake amalemekeza zinthu zolembedwa bwino. Kaundula wosamalidwa wochokera kumudzi ali ndi ulemu wake kulikonse.

Inu ana, musakatenge kanthu m'nyumba popanda kupempha. Ndalama zina makolo amazisunga chifukwa ndi chikumbutso cha malemu, ndipo zimenezo zili ndi mtengo umene sitingauwerenge. Pemphani kuti muione, muijambule, muilembe, kenaka muibweze kwa mwini wake. Inu makolo, aloleni anawa aone, ndipo akakufunsani muwafotokozere. Inu aphunzitsi, patulani tsiku limodzi pa teremu loti ana abwere ndi zimene apeza, ndipo pakhale mphunzitsi mmodzi wosunga kaundula kuti ntchito isafe ana akamaliza sukulu. Inu mafumu athu, tithandizeni kuchenjeza anthu m'midzi za oyendayenda ofuna kutenga zakale zathu mwachinyengo, ndipo mukamva kuti pena pafukulidwa chitini cha makobiri polima kapena pokumba maziko, uzani eni ake asazimwaze zisanalembedwe.

Ndalama izi zinadindidwa kutali, koma zinagwira ntchito yake kuno. Zinalipira msonkho wa agogo athu, zinagula mchere ndi palafini, zinaponyedwa m'mbale ya chopereka ndi pa maukwati. Ndi zathu, ndipo udindo wozidziwa bwino ndi wathu. Yambani sabata ino, ndi zomwe zili m'nyumba mwanu.